Anandisenza Chafufumimba Kuchoka Kuphiri

Anzanga, mukamandiona nditavala thalauza lopanda matumba akumbuyo musamaganize kuti telala anandibera nsalu. Pogula matumbawo amakhalapo, koma thalauza likangofika pakhomo mayi a kunyumba amatenga singano n'kuwasoka, ndipo ine sinditsutsa, ndimachita kuwalowetsera ulusi. Ana anga akhala akundifunsa chifukwa chake kuyambira ali aang'ono, ine n'kumangowauza kuti ndi kavalidwe ka ku Karonga. Lero poti imvi zakwanira mutu, lekani ndikusimbireni mmene zinayambira.

Inali nthawi ya chipani chimodzi ija, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi, ndipo boma linanditumiza ku Kaporo kukagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Ine mwana wa ku Dedza, wokulira pa kachewere ndi chisanu, kukaphunzitsa Ankhonde kulima mpunga umene anayamba kudya agogo anga asanauone n'komwe. Koma anandilandira bwino, anthu aulemu. Ndinapita ndi mkazi wanga Esnati, tisanakhalitse m'banja, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi anali ndi pakati potopa, mwana wathu woyamba. Mayi ake analonjeza kuti abwera kudzamudikirira, koma ulendo wa kumpoto masiku amenewo sunali wongodzuka n'kupita. Choncho m'boma lonse la Karonga, m'bale wake wa Esnati ndinali ine ndekha.

Pali china chimene muyenera kudziwa. Ndisanapite kumpotoko anatitumiza kukosi ya chithandizo choyamba, kumene tinkamanga bandeji pa mikono ya anzathu imene sinathyoke, n'kumanyamulana pabwalo tikuseka. Kosiyo inali yaifupi, koma ndinabwerako ndi kabokosi ka mankhwala komanso mutu waukulu. Munthu akangotsokomola pafupi nane ndinkayamba kale kumufunsa kuti chinayamba liti. Esnati ankati tsiku lina ndidzamanga bandeji nkhuku.

Ndiye Lamulungu lina tikutuluka m'tchalitchi anandiimitsa a Mwakalinga, tcheyamani wa chipani m'dera lathulo. Anali bambo wamtali, wosaseka wamba, woyenda motsimphina chifukwa cha bondo limene linkawavuta.

"Alangizi," anatero, "pantchito ya chitukuko ife timangoona Ankhonde okhaokha. Inu a boma manja anu ngolembera basi?"

Mawu otere ochokera kwa tcheyamani masiku amenewo sunkagona nawo tulo. Ntchito imene ankanena inali yokadula mitengo kumapiri a kumadzulo, yomangira chigafa choti amayi apakati azidikiriramo pachipatala chathu chaching'ono. Ndinawayankha msangamsanga kuti ndipita nawo, ndiponso kuti ndikhala dokotala wa gulu lonse, wina akadzitema ndi nkhwangwa asadandaule. Ndinkafuna kuti andione. Eya, walira mvula walira matope, anandionadi, ndipo anaona zambiri kuposa zimene ndinkafuna.

M'mawa wa tsikulo ndinavala ngati ndikupita ku ofesi, malaya oyera, thalauza la khaki, ndipo pachifuwa ndinabayapo baji ija ya nkhope ya mwini dziko, yonyezimira, kuti a Mwakalinga ayambe aona iyo asanaone ine. Kabokosi kanali kovuta kunyamula, ndiye ndinakhuthulira zonse m'matumba akutsogolo, bandeji uku, thonje ndi lezala uku, botolo la jivi, mankhwala opaka pabala aja, pamwamba. Esnati anandiperekeza mpaka pakhonde, dzanja lili pamsana.

"Inu, msanawu ukupweteka mosiyana lero. Dzuwa lisakulowereni kutchire."

"Ndi mitengo chabe, mayi. Masana ano ndabwera."

"Mukachedwa ndiitana ndani? Chinkhonde chimene ndimadziwa ine ndi ndaga basi."

Ndaga ndiye kuti zikomo, ndipo ndinamuseka kuti mawu amenewo okha ndi okwanira kubereka nawo mwana. Koma ndinamulonjeza ndi mtima wonse kuti ndibwera dzuwa likadalipo.

Titadutsa minda ya mpunga n'kuyamba kukwera, amene anali patsogolo anaima. Pakati pa njira panali patagona mphiri, yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, yosafuna n'kusuntha komwe. A Mwangosi, mnansi wanga amene ankatigawira mkaka wa ng'ombe zawo, anaikankha ndi ndodo yaitali, iyo n'kulowa m'udzu mwaulesi, anthu n'kumapitiriza ulendo. Koma ine ndikanalola mwayi wotere undidutse? Ndinaimitsa gulu lonse, ndinakwera pachulu.

"Abale, njoka ikaluma imasiya timabowo tiwiri. Mukaona timabowo tiwiri, mangani zolimba pamwamba pake kuti ululu usapite kumtima. Kenako temani ndi lezala, wina ayamwe magaziwo n'kulavula."

Anandimvetsera mwaulemu, nkhwangwa zili pamapewa. A Mwakalinga anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Sukulu njabwino chomene." Ndinatsika pachulu paja ndikudzimva kuti ndatumikira dziko.

Kutentha kwa ku Karonga mumakudziwa, ngakhale kuphiri sikukusiya. Titafika pamalo odula mitengo aliyense anavula malaya n'kukoleka pamene wapeza, nanenso ndinakoleka anga pa kamtengo ka minga. Nditangotembenuka mtima unandigunda. Nanga baji ikagwera m'udzu n'kusowa? Nanga wina akakanena kuti mlangizi wapachika nkhope ya Mtsogoleri paminga? A Mwakalinga yawo anali ataibaya pachipewa, koma ine chipewa ndinalibe, ndipo matumba akutsogolo anali atadzaza chipatala. Ndinaichotsa pamalaya n'kuiponya m'thumba lakumbuyo. Kapini kake kanali kosakola bwino chiigulireni, ndipo sindinavutike n'kukatseka. Nditalimbana ndi mtengo wanga woyamba, m'manja mutatuluka matuza, za baji ndinaziiwaliratu.

Dzuwa litafika paliwombo ndinali nditatheratu. Ndinaona chipika chili m'udzu pamthunzi, ndinangodziponyapo ndi thupi lonse. Anzanga, moto! China chake chakuthwa chinandibaya pathako lakumanja, chinalowa ndithu. Ndinadzambatuka, phazi linaterereka pa masamba ouma, ndinagweranso pomwepo, ndipo chinandibayanso kachiwiri. M'udzu munamveka kuti tswaa, kaya linali buluzi kaya mbewa, koma ine ndinaona mphiri ija ndi maso angawa, ndipo ndikanalumbira ngakhale m'khoti.

"Njoka! Yandiluma!"

Nkhwangwa zinagwa pansi, anthu anathamanga. Tsono vuto la malo amenewa n'lakuti mwini wake sungadzionere. Ndinagona chafufumimba, a Mwangosi ananditsitsa thalauza mpaka m'mawondo, ndipo amuna onse a chitukuko anandizungulira n'kuwerama. Kenako a Mwangosi anayankhula chapansipansi, akutchula Mulungu m'Chinkhonde.

"Kyala atithandize. Tiwiri, Alangizi. Timabowo tiwiri, monga munanenera muja."

Thupi lonse linandizizira pakati pa dzuwa lija. Thukuta linatuluka, mutu unazungulira, ndipo ndinadziwa kuti zizindikiro zonse za m'buku zafika pamodzi.

"Mangani pamwamba pake," ndinatero ndi mawu a munthu wakufa.

"Pamwamba pa apa ndi pati, Alangizi?"

Funso limeneli linali lanzeru. Kukosi kuja tinaphunzira za mkono ndi mwendo, panalibe mphunzitsi amene anaganizapo za munthu wolumidwa pokhalira. Anakangana pang'ono m'Chinkhonde, ine ndili gone kudikira chigamulo, ndipo anagwirizana kuti luzi limodzi alimange m'chiuno kuti ululu usakwere, lina pantchafu kuti usatsike. Anakoka amuna awiri, wina uku wina uku, anthu ozolowera kumanga goli pa ng'ombe. Ndinamva m'mimba mukusamukira pachifuwa.

A Mwakalinga anapisa m'thumba langa lakutsogolo n'kutulutsa lezala.

"Titeme?"

Ndinaiyang'ana lezala ija ikunyezimira padzuwa. Kukosi kuja palibe anatiuza kuti wotemedwayo angadzakhale ine.

"Isiyeni imeneyo, yachita dzimbiri," ndinatero, chikhalirecho inali yatsopano, yongotuluka kumene m'pepala.

"Nanga zoyamwa zija?" anafunsa wina kumbuyo.

Amuna anayamba kuyang'ana nsonga za mitengo, wina anatulukira kuti nkhwangwa yake yaguluka mumpini. Koma a Mwangosi, Mulungu awasunge kumene aliko, anameza malovu n'kugwada. Ndinawaona cham'mbali akupukuta pakamwa, akukonzeka.

"Ayi, a Mwangosi, inu muli ndi dzino lobooka, mungafe ndinu. Ingothirani mankhwala ali m'botolomo."

Mpaka lero ndimanena kuti munthu amene anagwada tsiku limene lija ndi m'bale wanga kuposa ena amene tinayamwa nawo bere limodzi. Kungoti chifukwa cha phuma, m'malo modontheza jivi pathonje anakhuthula botolo lonse. Jivi mumamudziwa mtundu wake. Anayenderera pathako, pantchafu, pathalauza, paliponse.

Mitengo iwiri imene tinadulira amayi apakati anaisandutsa machira. Amuna anapereka malaya awo, anawamanga ndi luzi pakati pa mitengoyo, anandigoneka chafufumimba, ndipo malaya anga oyera aja anandifunditsa pamalo a ngoziwo. A Mwakalinga anawerama kutsogolo n'kuika mtengo paphewa.

"Tata, bondo lanu," anatero mmodzi wa amunawo.

"Bondo lidzalira mawa. Nyamulani."

Anzanga, ndakwerapo basi, ndakwerapo sitima, koma ulendo umenewu sindidzauiwala. Anthu aja sanayende, anathamanga, kutsika phiri la miyala, ambiri opanda nsapato, minga ikuwakala m'miyendo. Ine ndinkangoona nthaka ikudutsa pansi panga ndi zidendene za a Mwakalinga, chimodzi chikuponda bwino, china chikukoka. Wina akatopa mnzake ankalowa pansi pa mtengo machira osaima. Tcheyamani yekha ndiye anakana kulandiridwa.

Posakhalitsa mwendo wakumanja unachita dzanzi, kenako sindinkaumvanso, mpweya nawo unkabwera wochepa. Ndinati basi, ululu wafika. Zoti ndi luzi limene landidula ntchafu ndi m'chiuno sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinayamba kutukwana chinthu chimene chinandiluma, mawu onse oipa a ku Dedza ndinawatha, kenako ndinayamba kugawa chuma.

"A Mwangosi, njinga yanga mutenge ndinu. Wailesi mupatse abusa. Esnati mukamuperekeze kwawo, musamukweze basi yekha. Mwana akakhala wamwamuna..."

"Khalani chete, Alangizi," anatero a Mwakalinga akupuma mwabefu. "Mukamayankhula mukulemera."

Ndinakhala chete, ndipo m'chete mmenemo ndi mmene mantha enieni anandipeza. Imfa payokha sinkandiopsa kwenikweni. Chimene chinkandidya mtima chinali Esnati, atakhala pakhonde, dzanja pamsana, akuyang'ana njira, mimba itayamba kuwawa iye osadziwa ngakhale mawu oitanira mzamba. Ndinamutenga kwa mayi ake n'kupita naye kumapeto kwa dziko, ndiye ndimusiye yekha chifukwa chofuna kuonekera kwa tcheyamani? Ndinalira, misozi ikudontha kudutsa pakati pa malaya a eni ake.

Titatsikira kumidzi tinapeza anthu akupuntha mpunga. Anasiya ndodo n'kuthamangira machira, ndipo aliyense ankafuna kuona yekha. Ankakweza malaya oyera aja, n'kuona thako lonse lili bii ndi jivi, n'kubweza msanga. Mayi wina anati munthuyu wayamba kale kuwola, ndipo azimayi anayamba kulira maliro ine ndikumva. Kodi munayamba mwamvapo maliro anu omwe, m'chinenero chimene simuchidziwa bwino? Ndikuuzeni, amakhudza mtima. Amuna a m'midzi imeneyo, anthu amene sankandidziwa n'komwe, ankalowa pansi pa machira n'kulandira anzawo. Palibe anafunsa kuti ndine wa kuti, palibe anafunsa khadi. Mayi wina anathamanga m'mbali mwathu ndi chikho cha chambiko kuti ndimwe chisukulutse ululu, koma kumwa mkaka uli chafufumimba pamachira othamanga si ntchito yamasewera, wambiri unathera m'khutu.

Mbiri nayo inatsogola, ndipo mbiri siyenda yopanda kunenepa. Pamene inkafika pamsika inali yoti alangizi amwalira kuphiri, njoka yake yaitali ngati mtanda wa denga.

Pachipatala tinapeza a Jere, amene tonse tinkawatcha adokotala, bambo wofatsa wa ku Mzimba. Anandiika pabedi, anachotsa malaya aja, anayang'ana jivi, anayang'ana maluzi.

"Wamanga izi ndani?"

Maso onse anagwera pa ine.

"Ndinalamula ndine, adokotala. Ndinapita kukosi."

"Mwendo uwu mukuufunabe?"

Sanadikire yankho, anatenga sizasi n'kudula maluzi onse awiri. Magazi atayamba kubwerera m'mwendo ndinamva ululu woposa wa kuphiri kuja, ndinaluma pilo. A Jere anatembenukira kwa anthu amene anadzaza pakhomo ndi pawindo.

"Tamverani nonse. Munthu akalumidwa ndi njoka musamumange chonchi, musamuteme, musamuyamwe. Mugonekeni, asayende yekha, muthamange naye kuno. Pa zonse zimene zachitika lero, chanzeru ndi kusenzaku."

Kenako anayamba kutsuka pabalapo ndi sipiriti, akusinya maso. Anadina apa, anadina apo.

"Yakulumani nthawi yanji?"

"Dzuwa lili paliwombo."

"Mphiri, mukuti?"

"Ndinaiona ndi maso anga."

"Ikanakhala kuti yasiya ululu, pofika pano thako ili likanakhala ngati dzungu."

Anauza anthu onse kuti atuluke, anatseka windo. A Mwakalinga anatsala, poti tcheyamani sankatulutsidwa paliponse, anangokhala pabenchi n'kuwongola mwendo wawo. Chitseko chisanatsekedwe analowa Esnati. Anali atayenda wapansi kuchokera kunyumba atagwiridwa ndi azimayi awiri, atamva zoti ndafa. Nkhope yake inali itayera ndi fumbi ndi misozi. Anaima pambali pa bedi, anandigwira dzanja, anaona kuti ndikuphethira.

"Munati mubwera masana," anatero.

"Ndabwera, mayi."

A Jere anafuna kuona mwendo wonse, ndiye anagwira thalauza lija, limene linali likadali m'mawondo, kuti alivuliretu. Anagwira cha pathumba lakumbuyo n'kukoka. Ndinangomva akuti "Asi," n'kubweza dzanja. Pachala pawo panatuluka kadontho ka magazi. Anayang'ana chalacho, anayang'ana thalauza, anapisa m'thumba pang'onopang'ono n'kutulutsa baji. Kapini kanali katapindika, kali ndi magazi anga. Nkhope ya mwini dziko inali itanyowa jivi kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano.

Inu achinyamata a lero mukhoza kuseka pamenepa, koma m'chipinda muja palibe anaseka. Masiku amenewo tinkamva za anthu amene anatengedwa chifukwa chongokulunga usipa m'nyuzipepala yokhala ndi chithunzi chimenechi, ndipo akatengedwa sunkafunsa kuti abwera liti. Tsono ine ndinali nditaikhalira nkhopeyo, kawiri, n'kuipaka utoto, n'kuitukwana njira yonse kuchokera kuphiri tcheyamani akumva. Dzanja la Esnati linazizira m'dzanja langa. Njoka inali itandibweza, koma ndinaona kuti kunyumba sindikagonako ndithu.

A Mwakalinga anatambasula dzanja, a Jere anawapatsa baji ija. Anaiyang'ana kutsogolo, anaitembenuza, anayang'ana kapini, anayang'ana pamene panandibaya, anabwereranso kubaji. Phewa lawo linali litasupuka ndi mtengo, bondo litatupa moti thalauza linali litathina. Bambo wamkulu ngati ameneyu ndinamuthamangitsa phiri lonse chifukwa cha kapini. Akanangotuluka panja n'kukweza baji ija m'mwamba, palibe akanawanena kuti alakwa.

Anayang'ana Esnati, anayang'ana mimba yake, kwa nthawi ndithu. Kenako anavula chipewa, anachotsa baji yawo yoyera bwino n'kumupatsa.

"Mama, iyi mukawabaye pamalaya. Kutsogolo."

Yanga ija anatseka kapini kake bwinobwino, anaiika m'kati mwa chipewa, n'kuvala chipewacho.

"Ine ndasenza munthu wolumidwa ndi njoka," anatero. "Phewa langa likudziwa choncho, bondo langa likudziwa choncho. Adokotala, inu mwaona chiyani?"

A Jere anali akupukuta chala chawo ndi thonje.

"Ndaona timabowo tiwiri. Njoka zina zimaluma osasiya ululu, zimachitika."

"Basi. Mkazi wa munthuyu ali pafupi kuchira. Sindinamutsitse kuphiri kuti ndikamukweze galimoto ya apolisi yayi."

Anadzuka movutikira, anatsimphina mpaka pakhomo, ndipo ndinawamva akulengeza m'Chinkhonde. Sindinamve mawu onse, koma ndinamva nthungululu, azimayi omwe aja amene ankandilira maliro. A Mwangosi analowa akuseka misozi ili m'maso, anandigwira mutu ndi manja awiri n'kumati Kyala ngwamkulu, kenako anandiuza kuti njinga ija sakuifuna. Ine ndinangokwirira nkhope m'pilo. Manyazi analipo, koma chimene chinandiliza chinali china, ndinali ndisanachitiridwepo chifundo chotere ndi munthu amene ndinkamuopa.

Kunyumba tinapita pa ngolo ya a Mwangosi, ine chafufumimba monga mwa nthawi zonse, Esnati atakhala pambali panga. Njira yonse anali atatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika. Azimayi otiperekeza ankamusisita pamsana n'kumati, "Pole, mama, pole, wapulumuka." Ine ndekha ndi amene ndinkadziwa kuti mkazi wanga sakulira. Titangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko anakhala pansi n'kuseka mpaka kusowa mpweya, akati andiyang'ane n'kuyambiranso. Dzuwa linali lisanalowe, ndipo ndinamukumbutsa kuti lonjezo ndasunga.

Kaya ndi kuseka kuja, kaya ndi ulendo wapansi uja, m'mawa mwake mimba inayamba. Sanasowe woitana. Akazi a amuna amene anandisenza anadzaza pakhomo ndisanamalize n'kuvala nsapato, anamutenga ngati mwana wawo, ndipo pofika masana anali atachira, mwana wamkazi. Ine ndinadikira panja pachipatala choimirira, poti kukhala pansi kunali kusanayambe kutheka. Mwanayo tinamutcha Thokozani, koma ku Kaporo konse ankamuitana Ndaga, ndipo dzina limeneli analitenga mpaka kusukulu.

Masiku otsatira anthu ankabwera kudzaona wodwala ndi khanda pamodzi, wina kalichero ka mpunga, wina phava la nthochi, wina nkhuku. Mwendo unatenga nthawi kuti usiye kutupa chifukwa cha luzi lija, ndiye kutsimphina kwanga kunali koona, bodza linali pa njoka pokha. Nkhuku iliyonse imene ndinkadya inkandiima pakhosi. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma anthu a ku Kaporo anandizimira ndevu zimene ndinaziyatsa ndekha. Mwendo utachira ndinabwerera kuphiri ndi gulu lomwe lija mpaka chigafa chinatha, ndipo mitengo iwiri imene inandisenza ija ndi imene inakhala nsanamira za pakhomo. Pachulu paja ndinkadutsa nditazolika.

A Mwakalinga sanauzepo munthu, a Jere chimodzimodzi. Zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko ndinkadziwika kuti ndine mlangizi amene anapulumuka mphiri, ndipo alimi ena ankandipempha kuti ndiwaonetse chipsera, ine n'kumakana kuti malo ake ngaulemu. Koma tikakumana ndi tcheyamani pamsonkhano, anthu ali mbwee, ankandipatsa moni nkhope ili gwa ngati kale, kenako n'kugogoda ndi chala pa baji ya pachifuwa panga.

"Alangizi, njoka ija mukuisunga bwino?"

"Bwino kwambiri, a tcheyamani. Kutsogolo."

Thalauza la khaki lija Esnati analichapa kangapo koma jivi anakana kuchoka. Tsiku lina ndinamupeza atakhala pakhonde, Ndaga ali kumsana, mathalauza anga onse ali pamiyendo, akusoka matumba akumbuyo limodzilimodzi. Ndinati ndifunse, iye osakweza n'komwe mutu anati munthu ngati ine ndizisunga zinthu kumene maso anga akuona. Ndinalumbira pomwepo kuti sindidzakweranso pachulu kuphunzitsa anthu za njoka, ndipo sindidzaikanso kanthu kumbuyo, kaya ndi mpango. Ulamuliro wa chipani chimodzi uja unatha, mabaji anatha, matumba kulibe, koma mpaka lero ndisanakhale pansi, ngakhale pa benchi ya m'tchalitchi, dzanja limayamba lapita kumbuyo kukafufuza.